Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Mpando wa kutsogolo

Mwandikakamiza, ndiye ndabwera. Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitalo, makamaka mayi a ku Leeds aja amene anati anawerenga ali m'basi mpaka anapitirira siteji yawo. Ambiri mwafunsa za chithunzi chija cha mpando wa m'ndege, chomwe ndinajambula popita ku maliro a amayi. Lero ndichikamba, chifukwa chandiyendera kumbuyo mokwanira.

Tinalekezera usiku wa Lachiwiri lija, mu Disembala 2023, achimwene aakulu atandiimbira ndili kuntchito ku care home, nyumba yosamalira okalamba kuno ku UK. Mawu awo anali ochepa: "Achemwali, limbani mtima, amayi atisiya." Ndinamaliza shifiti. Ena munadabwa kuti ndinamaliza bwanji. Pansanja yonse tinalipo awiri, ndipo agogo ena a chipinda chakumapeto amafunika kuwatembenuza pakapita maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda. Ndikanawasiyira yani?

Disembala aliyense amapita kwawo kukadya Khrisimasi, ndiye matikiti amakhala moto. Anzanga a chipereganyu, amayi anayi aja mukuwadziwa, anandipatsa ndalama ya mwezi umenewo ngakhale nthawi yanga inali isanakwane. Ndinaonjezera ya lendi n'kugula tikiti ya economy, yodzera ku Johannesburg. Mpando wanga unali wakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zimbudzi. Achimwene, ndikukupemphani kuti musunge mawu awa: ndinagula economy.

Ku Heathrow ndinafika maso ali otupa. Mayi wolandira zikwama anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndili bwino, ine n'kungoti ndikupita kukaika amayi anga. Sanayankhe zambiri, anangomata pepala pa chikwama. Koma nthawi yokwera itakwana, nditaika chiphaso changa pa makina, anawala zofiira n'kulira. Inu a m'ma care home mukudziwa mmene mtima umadumphira chinthu chikalira pa bwalo la ndege. Visa yathu imamangiriridwa kwa abwana, ndiye ndinangoti basi, pali china chalakwika, amayi akaikidwa ine kulibe. Mtsikana wa pachipata anatenga chiphasocho, nachiika pambali, n'kutulutsa china. Anandifotokozera kuti kumbuyo kwadzaza. Makampani a ndege amagulitsa matikiti ochuluka kuposa mipando poyembekezera kuti ena sabwera, ndiye onse akabwera, ena amawasunthira kutsogolo, kawirikawiri oyenda okha. Ine mumtima mwanga ndimakhulupirira kuti mayi wa zikwama uja anaikapo dzanja.

Kwathu anafalitsa kuti ndinakwera first class. Inali business class. First class yeniyeni inali patsogolo penipeni, kuseri kwa katani ina, ndipo sindinapondeko. Koma kwa munthu wobadwira kuseri kwa Linthipe kusiyanako n'kwa mawu chabe.

Polowa m'ndege anandilozera kumanzere pamene anzanga onse akupita kumanja. Mpando unali ngati kachipinda, mabatani ali mbwee. Ndinakhala m'mphepete ngati mlendo pa sofa ya eni, chikwama chili pamiyendo. Anabweretsa kansalu kotentha pa kambale, ine osadziwa ntchito yake mpaka nditaona bambo wa pafupi akupukutira m'manja. Kenako kunabwera mnyamata wogwira ntchito m'ndegemo, mzungu, wamtali. Anagwada. Anagwada pansi pambali pa mpando wanga kuti maso athu alingane, n'kunditchula dzina, n'kufunsa chomwe ndikufuna kumwa.

Apa m'pamene ndinasweka. Moyo wanga wonse wogwada ndakhala ine. Amayi anatiphunzitsa kugwada popereka madzi kwa akulu, ndipo ukapereka uli chiimire chikho chimabwerera. Ku UK ndimagwadanso tsiku lililonse, kuveka nkhalamba za eni masokosi ndi kumanga zingwe za nsapato. Tsono tsiku loyamba munthu kundigwadira linali lomwe amayi anga ali gone mu firiji ya kuchipatala kudikira ine. Ndinalira mosabisa. Mnyamatayo sanathawe, anangodzuka n'kubwera ndi madzi ndi mapepala opukutira, n'kukoka kachitseko ka mpandowo kuti anthu asandione.

Chakudya chinabwera pa mbale zadothi, mipeni yachitsulo, nsalu yoyera atayala. Ndinadya buledi yekha. Atazimitsa magetsi anandionetsa batani logonekera mpando, n'kuwongoka mpaka kusanduka bedi. Anandipatsa bulangeti lolemera ndi pilo. Ulendo wa London mpaka Johannesburg ndi wa maola pafupifupi 11, ndipo sindinagone ngakhale limodzi. Ndinangogona chagada kuganiza za matiresi. Pochoka mu 2022 ndinawalonjeza amayi kuti malipiro oyamba ndiwagulira matiresi okhuthala, asiye kaja kopyapyala koyala pamphasa kamene kankawapweteka msana. Malipiro oyamba anapita ku ngongole ya ulendo. Achiwiri ku fizi ya mwana wa achimwene. Kenako feteleza, kenako malata, kenako kwacha inagwa mu Novembala 2023 zinthu zonse n'kukwera, ine n'kumati mwezi wamawa. Iwo sanakumbutse ngakhale tsiku limodzi. Pafoni ankangofunsa kuti, "Kodi ukudya, mwanawe? Kumeneko akuti kukuzizira." Ndinayang'ana kamapu ka pa sikirini, kandege kakuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa chipululu cha Sahara, ndili pa bedi lofewa kuposa lililonse lomwe amayi anagonapo, ndipo ndinadzida.

Tsopano chithunzi. Kutatsala pang'ono kutera ndinajambula mpandowo ndi bulangeti lake. Chifukwa chake n'chopusa koma n'choona: dzanja linazolowera. Chilichonse chachilendo ku UK, chipale chofewa, basi yosanjikizana, ndinkajambula n'kutumiza kwa mdzukulu wawo kuti akawaonetse agogo ake. Ndinajambula ndisanakumbukire kuti woonetsedwayo kulibe. Ku OR Tambo, bwalo la ndege la ku Johannesburg, ndikudikira ndege ya ku Lilongwe, ndinachitumiza kwa mnzanga wa chipereganyu kuti aone zomwe Mulungu wachita. Chala chinaphonya, chinapita pa gulu la WhatsApp la banja. Pomwe ndinkachifufuta anthu asanu ndi awiri anali ataona kale.

Ndinalowa kuchimbudzi, kuvula jinzi, kumanga chitenje ndi duku. Pa Kamuzu International Airport ndinatera masana, mvula itangokata, kunja kukununkha dothi. Tinadutsa mu Lilongwe, kutsika ndi M1, chimanga chili m'mawondo m'minda. Pofika kumudzi amayi a Chigwirizano anali atadzaza pasiwa ndi zoyera zawo, akuimba. Ndinalowa chokwawa.

Usiku womwewo, ndili pambali pa bokosi, ndinamva mawu kuseri kwa nyumba. Alamu anga, inu nomwe, munkauza azakhali kuti ndalama yokwera ndege ya mabwana ndili nayo koma ya bokosi ndinatumiza yoperewera. Simunanong'one n'komwe. Sindinakuyankheni chifukwa pamaliro sipokanganira, ndipo mawa lake ndinakupatsani moni mwaulemu. Koma poti mumawerenga zolemba zangazi, ndipo ndikudziwa mumawerenga chifukwa gawo 9 munalitumiza kwa abusa, imvani: bokosi, galimoto yonyamula thupi, matumba awiri a chimanga ndi mbuzi ya adzukulu, zonsezo zinachokera pa foni yanga. Malisiti a Mukuru ndikadali nawo. Mpando uja sindinaulipire ngakhale tambala imodzi, ndipo ndikanaloledwa kuugulitsa ndikanaima chiimire ulendo wonse.

Pobwerera ndinakhala kumbuyo, pakati pa anthu awiri, mawondo atagunda mpando wa patsogolo. Ndinagona kuchokera ku Johannesburg mpaka ndege ikutsika ku London.

Kachikwama kamene anatipatsa kutsogolo kuja, ka masokosi ndi mswachi, ndinakasiya kumudzi. Masokosiwo anatenga azakhali, akuti amawathandiza nyengo ya Juni. Matiresi ndinagula ku Dedza boma patatha masiku atatu chiikireni maliro, okhuthala aja, ndipo anawanyamula pa njinga ya kabaza. Ali m'chipinda cha amayi, pulasitiki yake sitinachotse. Gawo lotsatira ndikuuzani zomwe zinachitika pa msonkhano wogawa katundu, achimwene atatulutsa kope lija.