Mpata wa mabeyaring'i ndi oyilo pa injini yothamanga kwambiri

Kwa nthawi yaitali ndinkakhulupirira kuti mphamvu ya pampu ya oyilo ndiyo imanyamula crankshaft (chitsulo chozungulira chimene mapisitoni amakankha) kuti isakhudzane ndi mabeyaring'i. Nditayamba kuphunzira kumanga injini zozungulira maulendo opitirira 7,000 pa mphindi, ndinazindikira kuti pampu imangofikitsa oyilo pamalopo. Crankshaft ikamazungulira imakoka oyiloyo n'kumupanikizira kumene mpata wachepa, ndipo oyilo wopanikizikayo ndiye amasenza katundu yense.

Amakaniko amayambira pa mpata wa inchi 0.001 pa inchi iliyonse ya kunenepa kwa journal (mbali ya crankshaft imene imazungulira mkati mwa beyaring'i), ndipo pa injini ya mpikisano ambiri amawonjezera 0.0005, kotero kuti journal ya mainchi 2 imapatsidwa mpata wa inchi 0.0025, omwe ndi mamilimita pafupifupi 0.064, ngati tsitsi limodzi. Chifukwa chowonjezerera ndicho chinanditengera nthawi kuti ndichimvetse. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene pisitoni imakokera conrod (chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft) imawirikiza kanayi, ndipo pisitoni ikafika pamwamba potulutsa utsi, bowo lalikulu la conrod limatalika ngati dzira, m'mbali mwake n'kufinyikira ku journal. Mpata ukachepetsa, oyilo amatentha, beyaring'i imagwira chitsulo n'kuyamba kuzungulira nacho.

Poyesa koyamba ndinalakwitsa kawiri. Ndinalowetsa dial bore gauge (choyezera kukula kwa bowo) mabawuti ndisanawamange mpaka pa muyezo wake, komanso ndinayezera pafupi ndi pokumanira zidutswa ziwiri za beyaring'i, pamene opanga amapapepeza mwadala. Nditamanga bwino n'kuyezera madigiri 90 kuchokera pokumanirapo, nambala inatsika moonekeratu. Plastigauge (kaulusi ka pulasitiki koyezera mpata) ndimaigwiritsabe ntchito, koma pongotsimikizira zimene micrometer (choyezera kunenepa kwa journal) yandiuza kale.

Oyilo sasankhidwa payekha. Mpata wothina umafuna oyilo wopepuka monga 5W-30, pomwe wotakasuka umataya oyilo wambiri m'mbali ndipo umafuna wokhuthala monga 20W-50. Buloko ya aluminiyamu imafutukuka kuposa crankshaft yachitsulo, choncho mpata wa mabeyaring'i akuluakulu, omwe amagwira crankshaft mu buloko, umakula injini ikatentha, ndipo woyeza injini ili yozizira ayenera kuwerengera zimenezi. Lamulo lakale loti mphamvu ya oyilo ikhale 10 psi pa maulendo 1,000 alionse amene injini ikuzungulira pa mphindi ndimaliona ngati poyambira chabe, pakuti pampu yaikulu mopyola muyezo imadya mphamvu ya injini, imatenthetsa oyilo, ndipo ngati oyiloyo akuchedwa kubwerera kuchokera kumutu kwa injini, sampu (mosungira oyilo pansi pa injini) imaphwa galimoto ili pakona, paipi yokokera n'kuyamba kumwa mpweya.