Mmene ndinakonzera ma reference pepala langa litabwezedwa

Pepala langa la kafukufuku linabwerera patangotha masiku atatu chilitumizireni. Silinafike n'komwe kwa akatswiri oliunika. Mkonzi anangolemba kuti nkhaniyo ndi yoyenera journal yawo (magazini yosindikiza za kafukufuku), koma ma reference, kutanthauza mndandanda wa mabuku ndi mapepala omwe ndinawatchula, sakutsata kalembedwe kawo, ndiye ndikonze ndi kutumizanso. Zinandipweteka, poti kafukufukuyo anandidyera miyezi yambiri, komabe mkonziyo sanalakwe.

Chinachitika n'chakuti pepalalo ndinalilembera journal ina yomwe imatsata kalembedwe kotchedwa APA. M'kalembedwe kameneka mumatchula dzina la wolemba ndi chaka mkati mwa chiganizo, ndipo mndandanda wa kumapeto umayenda motsata alifabeti. Journal yatsopanoyi imafuna Vancouver, kalembedwe komwe kanatenga dzina la mzinda wa ku Canada kumene akonzi a ma journal a zachipatala anakumana mu 1978. Kumeneku mayina salowa m'chiganizo. Mumaika nambala, ndipo cholembedwa chomwe mwachitchula koyamba chimakhala 1, chotsatira 2, mpaka kumapeto. Mukachitchulanso kutsogolo, chimasunga nambala yake yomwe ija.

Ndinayamba ndi kuwerenga malangizo a journalyo kwa olemba, mzere ndi mzere, zomwe ndikanachita kale ndisanatumize. Kenako ndinatsitsa mapepala awiri omwe anasindikiza posachedwa n'kuwaika pambali pa langa. Apa m'pomwe ndinaona kuti mawu oti Vancouver sakwanira paokha. Ma journal ena amakweza nambala m'mwamba mwa mzere, ena amaitsekera m'mabulaketi, ndipo amasiyananso ngati nambalayo ikhale mpumiro usanafike kapena utadutsa. Journal imeneyi inkafuna olemba asanu ndi mmodzi oyamba kenako et al. (kutanthauza “ndi ena”), pamene APA ya 2019 imalola kutchula olemba mpaka 20. Inkafunanso kuti mayina a ma journal afupikitsidwe monga amalembedwera m'kaundula wa National Library of Medicine, laibulale ya zachipatala ya ku America, osati mmene ine ndaganizira.

Usiku woyamba ndinayesa kuzichita pamanja. Nditafika pakati ndinakumbukira kuti pa ndime yachiwiri ndasiyapo cholembedwa china. Nditachilowetsa, manambala onse a kutsogolo anasokonekera. Ndinatseka kompyuta n'kukagona.

M'mawa ndinaika Zotero, pulogalamu yaulere yosungira ma reference, yomwe imalumikizana ndi Word. Mapepala ambiri a masiku ano ali ndi DOI, nambala yoyamba ndi 10 yomwe siisintha ngakhale pepalalo litasamukira pa tsamba lina la intaneti. Mukaimata mu Zotero, mutu, olemba, chaka ndi masamba zimalowa zokha. Omwe DOI yawo sindinkaidziwa ndinawafufuza pa Crossref, tsamba lofufuzirapo ma DOI, polemba mutu wake. Mabuku akale ndi malipoti ndinachita kulemba ndekha. Ndinapeza kalembedwe ka journalyo m'nkhokwe ya Zotero, ndikuikanso mwatsopano ma citation onse (manambala a m'nkhani olozera ku mndandanda), ndipo mndandanda unatuluka wofola bwino.

Ndinatsala pang'ono kutumiza pomwepo. Chinandigwira dzanja ndi nambala 12, pomwe panalembedwa Organization WH. Pulogalamuyo inatenga World Health Organization ngati dzina la munthu, n'kulidula pawiri. Kukonza kwake n'kosavuta, mumangosintha malo a wolemba kuti dzina lonse likhale m'bokosi limodzi. Koma ndinadzifunsa kuti ngati ili ndaliona mwangozi, obisala ndi angati?

Ndiye ndinatsegula pepala lililonse n'kumafananiza ndi zomwe zili pa mndandanda. Mitu ina inabwera ndi zilembo zazikulu zokhazokha. Ina inali ndi chilembo chachikulu pa liwu lililonse, pamene journalyo imafuna pa liwu loyamba ndi mayina okha. Apa ndinaphunzira kusunga mitu mwanjira yomwe journalyo imafunayi, chifukwa pulogalamu imatha kukuza zilembo ikafunika, koma pozichepetsa siidziwa kuti liwu ili ndi dzina la dziko kapena la mankhwala. Mapepala ena anali ndi zaka ziwiri, chaka chomwe anaonekera koyamba pa intaneti ndi chaka chomwe analowa m'voliyumu, ndipo ndinatsata cha voliyumu poti masamba omwe ndalemba ndi a momwemo. Enanso analibe masamba, anali ndi nambala ya nkhani yoyamba ndi e, ndipo imeneyo imalowa m'malo mwa masamba. Chilichonse ndinkachikonzera mu Zotero momwemo, osati mu Word, chifukwa mndandanda ukadzikonzanso zolakwika zija zimabwerera.

Chomwe chinandichititsa manyazi sichinali mpatuliro kapena mpumiro. Panali pepala limodzi lomwe ndinalitchula ndisanaliwerenge. Ndinangoona wina atalitchula, ine n'kutengera pomwepo. Nditalipeza ndi kuliwerenga lonse, ndinaona kuti olembawo ankanena za akuluakulu okha, pamene chiganizo changa chinkamveka ngati akunena za anthu onse, ana omwe. Ndikanawanamizira mawu omwe sananene, ndipo wina wowerenga langa akanapitiriza bodzalo podalira ine. Ndinalembanso chiganizocho kuti chinene zomwe iwo anapeza, ndipo mfundo yanga pa ndime imeneyo inachepa mphamvu pang'ono. Ndinavomera.

Pomaliza ndinasunga makope awiri. Yoyamba ndinaisiya yolumikizidwa ndi Zotero, kuti ounika akadzafuna kuti ndiwonjezere china manambala adzadzikonze okha. Yachiwiri ndinaidula ku pulogalamuyo kuti ma citation asanduke malemba wamba, monga malangizo a journalyo ankanenera. Kopeyo ndinaisindikiza, n'kuyenda ndi cholembera kuchokera pa nambala 1, kuonetsetsa kuti nambala iliyonse ya m'nkhani ili pa mndandanda, ndiponso kuti pa mndandanda palibe chomwe sichinatchulidwe. Ma DOI onse ndinawadina limodzilimodzi. Imodzi inanditengera ku pepala lolakwika chifukwa pomata ndinadula nambala yomaliza. Nditaikonza ndinatumiza, ndipo sabata yotsatira uthenga unabwera woti pepalalo lapita kwa ounika.