Ndinakaima pa doko la Nkhata Bay

Abale, sabata yatha ndinali ku Nkhata Bay. Ndinakwera minibasi pa depoti ya Mzuzu m'mawa, kutsika mapiri aja mpaka nyanja kuonekera, nditafika ndinadya kondowole wa batala kenako ndikupita ku doko komwe Ilala imakocheza.

Pamenepo mpomwe mtima unandilemera. Pa 3 March 1959 bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza state of emergency, atsamunda anagwira atsogoleri a Nyasaland African Congress, a Kamuzu kuwatengera ku Gwelo, ena a kuno kuwatsekera mu sitima ya Mpasa itaima pompano, ndiye anthu anakhamukira ku doko kudzafuna abale awo, asilikali n'kuwombera. Anafa anthu osachepera 20. Pa chipilala cha chikumbutso pali maina awo, ndinawawerenga limodzilimodzi chala chili pamwala wotentha ndi dzuwa.

Pafupi panali agogo ena akuyanika usipa pathandala. Ndinati, "Agogo, mwaswera bwanji?" Tinacheza pang'ono, iwo Chitonga ine Chichewa, koma timamvana ndithu. Anandilozera kumadzi ndi mlomo, osanena zambiri.

Kunyumba mayi anga amati mademo ndi kuba ndi kuphwanya mashopu basi. Ndimawamvetsa, mu 2019 tinaona zinthu zikuwotchedwa ku Lilongwe ndipo amene analira kwambiri ndi ochita geni ang'onoang'ono, zimenezo sindizivomereza olo pang'ono. Koma nditaima pa doko paja ndinaganiza kuti anthu aja akanakhala phee m'nyumba, kodi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikanatha mu 1963? Komiti ya Devlin yochokera ku Britain komweko inadzudzula boma la atsamunda, a Kamuzu anatuluka mu April 1960, ufulu kubwera pa 6 July 1964. Ngakhale za Tippex zija, pomwe zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 zinafufutidwa ndi Tippex, anthu anayenda m'misewu miyezi ndi miyezi, khothi linafafaniza chisankho pa 3 February 2020. Olamula samva kunong'ona, amamva phazi la anthu ambiri.

Pobwerera ndinatsikira pa Mzuzu, ndinapempha wa kabaza andiperekeze ku manda a Zolozolo komwe kunagona ena mwa ophedwa pa mademo a pa 20 July 2011. Mnyamatayo anati nthawi imeneyo anali ku pulayimale. Anaimika njinga n'kuvula chipewa, tinangoima chete.