Zikomo kwa onse amene munandigwira dzanja mpaka filimu yatha

Loweruka lapitali, m'holo ya tchalitchi chathu ku Area 25, tinaonetsa koyamba filimu yanga ya mphindi 30, yonena za mayi wamasiye wogulitsa kaunjika. Ndalemba mawu awa kuti ndithokoze pagulu, popeza katunduyu sindinamusenze ndekha.

Ambiri mukudziwa kuti dzinja lapitalo akuba anathyola nyumba yathu usiku, n'kutenga kompyuta pamodzi ndi hard drive (kachipangizo kosungiramo zinthu za pa kompyuta) momwe munali zonse zimene tinajambula kwa miyezi inayi. Ndinagwa mphwayi, ndipo ndinauza akazi anga kuti munthu wa zaka 41 ngati ine ndachedwa kale, kuli bwino ndingolimbikira ntchito yanga ya uwotcherera.

Oyamba kuwathokoza ndi aphunzitsi anga akale a Chifalansa, omwe atamva za tsokali anakwera kabaza kuchokera ku Kawale, ngakhale miyendo imawavuta, kudzandipepesa. Tinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka akundifotokozera za moyo wa Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene ambiri amamutcha tate wa mafilimu a mu Africa. Iyeyu anabadwa mu 1923 ku Ziguinchor, mwana wa msodzi, ndipo sukulu sanapite nayo patali. Anagwirapo ntchito ya umakaniko ndi yomanga nyumba, analowa usilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenako anakakhala wonyamula katundu padoko la Marseille ku France, komwe anavulala msana. Anayamba ndi kulemba mabuku, koma ataona kuti anthu akwawo ambiri sangawerenge Chifalansa, anapita ku Moscow kukaphunzira kujambula mafilimu ali ndi zaka pafupifupi 40.

Chimene chinandikhudza koposa n'chakuti mu 1968 anatulutsa filimu yotchedwa Mandabi m'chiyankhulo chakwawo cha Chiwolof, nkhani ya bambo amene watumiziridwa ndalama kuchokera ku Paris koma akulephera kuzilandira chifukwa alibe chiphaso. Aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni angaimve nkhaniyo ngati yakwawo. Sembène ankatenga mafilimu ake kukaonetsa kumidzi, ndipo yomaliza anaitulutsa mu 2004 ali ndi zaka 81, asanamwalire ku Dakar mu 2007. Aphunzitsi, simunandinyengerere ndi mawu okoma chabe, munandionetsa kuti zaka zimene ndinkadandaula nazo ndi zomwe mnzathuyo anayambira, ndiponso kuti kujambula m'Chichewa, kumene ena ankati kudzandichepetsera oonera, ndiko kunali koyenera. Ambuye akusungeni.

Amayi a banki mkhonde ya akazi anga, munandikongoza ndalama yobwerekera kamera pamene ndinalibe chikole chilichonse, ndipo ngongoleyo ndikulonjeza kuimaliza isanafike nthawi yogawana. Amayi ogulitsa kaunjika mumsika wa m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, munatilola kujambula kachiwiri pamabenchi anu, nthawi yotsegula mabelo pomwe makasitomala amachuluka, ndipo munatikonza pamene mawu otsatsira malonda m'filimumo sankamveka ngati a mumsika weniweni. Ochita zisudzo nonse munabwereranso popanda malipiro, ena mukuyenda wapansi kuchokera ku Mtandire ndi ku Chinsapo. Achimwene anga, jenereta yanu ndiyo inatipulumutsa masiku amene magetsi ankathima tili pakati polumikiza zithunzi.

Kwa inu mayi a ana anga, amene munagulitsa matumba a chimanga omwe tinasungira chakudya cha pakhomo kuti tigule kompyuta ina, mawu othokoza akundichepera.

Holo ija inadzaza mpaka ana kukhala pansi, ndipo nditamva agogo ena kumbuyo akumukalipira mlamu wolanda chuma wa m'filimumo ngati ali naye pamaso, misozi inalengeza. Mwezi wamawa tidzapachika nsalu yoyera pabwalo la mpira ku Chinsapo, kuti abale a ochita zisudzo athu aonere kwawo, ndipo polowa sipadzakhala kulipira.