Ma Life Guards anga a 1815 avula zitsulo tsopano

Mzere woyamba wa tiasilikali tanga tachidole ta 2nd Life Guards, gulu la asilikali a pa akavalo a Britain, wauma utoto, vanishi yagwira bwino, ndipo akavalo aima pa mabesi awo. Mwezi uno ndinatsala pang'ono kuponya bokosi lonse kudzala.

Nkhani yake ndi ya chapachifuwa, chitsulo chija chotchinga chifuwa cha msilikali. Wogulitsa wina wa pa intaneti, dzina ndisunge, ananditumizira tiasilikali ta chitsulo ta msinkhu wa 28mm talembedwa kuti "Waterloo". Kutsegula phukusi, aliyense wavala chapachifuwa chonyezimira ndi chisoti cha nsonga chokhala ndi mchira wa kavalo, ngati omwe amalondera ku Horse Guards mu London lero. Zimenezo pa 18 June 1815, tsiku la nkhondo ya Waterloo, kunalibe. Chisoti cha nsongacho, cha mtundu wa Albert, chinabwera m'ma 1840. Chapachifuwa anachibwezeretsa mu 1821 pa mwambo wolonga ufumu George IV, ndipo kuchokera apo ntchito yake yakhala ya pa perete basi. Tsiku la Waterloo, gulu la Lord Edward Somerset, lomwe munali 1st ndi 2nd Life Guards, Royal Horse Guards ndi 1st King's Dragoon Guards, linatsetsereka pafupi ndi famu ya La Haye Sainte nkuwombana ndi ma cuirassier, asilikali a pa akavalo a France. Ovala zitsulo anali Afalansawo. Anyamata a Somerset anali ndi majekete a nsalu okha. Ukawaveka chitsulo, wachotsa chomwe chimachititsa kuti nkhondo ya masana amenewo ikhale yosimbika.

Kubweza katundu kuchokera kuno nkodula kuposa katunduyo, choncho ndinatenga tupa. Mitu sinavute: kudula, kuboola ndi pin vice (kachoboolera ka pamanja), kulowetsa kawaya, kuikapo mitu yotsala ya m'bokosi la pulasitiki la Household Brigade (gulu la Somerset lija) la kampani ya Warlord Games, ya chisoti chokhala ndi ubweya wa buluu ndi wofiira pamwamba. Chifuwa ndiye chinandidyera masiku. Ukapala chapachifuwa, mtovu umatsala lyolyolyo, wopanda makwinya a nsalu, ndipo lamba woyera wodutsa paphewa amapita nawo limodzi. Milliput woyera, phala loumbira, amauma msanga ndi kutentha kwa kuno, usanamalize kukonza kolala wayamba kale kunyenyeka. Green stuff, phala lina loumbira, payekha amakana tupa, amangotambasuka. Chomwe chagwira nkusakaniza ziwirizi theka ndi theka, kupaka kochepa kwambiri, kudikira kuti kayambe kulimba, kenako kukoka makwinya ndi nsonga ya singano yonyowetsa kuchokera m'khwapa kupita m'chiuno. Malamba ndadula ku kachitsulo kofewa ka pakamwa pa botolo la vinyo. Amapindika bwino paphewa kuposa pepala.

Mmodzi ndamusiya wopanda chisoti, lupanga lili m'mwamba. Ameneyo ndi Corporal John Shaw, katswiri wa nkhonya wa mu 2nd Life Guards amene anafera ku Waterloo. Mapewa ndamukulitsa dala.

Akavalo akuda aja musawapake utoto wakuda wokhawokha, anzanga, amaoneka ngati makala a pa mbaula. Ine ndimayamba ndi utoto wa German Grey wa kampani ya Vallejo, ndikuthira wash (utoto wamadzimadzi) wakuda kawiri, nkumaliza ndi kabulauni pang'ono pamimba ndi kukamwa. Wa woimba lipenga yekha ndiye wotuwa. Mabotolo a Vallejo amenewa amanditumizira mlongo wanga wa ku Leeds, ndipo ndimawakonda chifukwa cha kakamwa kodonthezera: utoto suuma m'botolo ngakhale mu October. Ma Coldstream Guards, asilikali oyenda pansi a Britain, omwe ndinapanga chaka chatha a pa geti la famu ya Hougoumont ku Waterloo ndinagwiritsa timiphika totsegula pamwamba, theka la kofiira linauma ndisanafike pa mzere wachiwiri.

Tiasilikali tomwe tatsala sindipalanso, zala zatopa. Tikhala a pa perete a masiku ano, ndipo apo malamulo ake ndi ena. Life Guards jekete lofiira, mchira wa pachisoti woyera, tcheni cha chisoti pansi pa mlomo. Blues and Royals jekete la buluu, mchira wofiira, tcheni pansi pa chibwano. Pa 28mm kusiyana kwa tcheniko ndi kwa tsitsi limodzi, koma ndikuchita. Wina anandifunsa ngati a buluuwa angalowe nawo mu 1815. Ayi. Blues and Royals ndi magulu awiri omwe anaphatikizana mu 1969. Ku Waterloo ma Blues, omwe ndi Royal Horse Guards aja, anali ndi Somerset, pomwe ma Royals (1st Royal Dragoons) anali mu gulu lina, Union Brigade ya Sir William Ponsonby, komwe analanda chiwombankhanga, chizindikiro cha pamwamba pa mbendera, cha gulu la 105 la France.

Chotsatira ndikufuna wosula nsapato za akavalo wonyamula nkhwangwa, ndi kavalo wa ng'oma, kavalo wamkulu uja wa mtundu wa Shire amene wokwerapo amamuwongolera ndi zingwe za kumapazi chifukwa manja ali pa ng'oma. Pa 28mm sindinamuonebe wondikhutiritsa, mwina ndimuumba ndekha. Kenako gulu lonse la Somerset, ma cuirassier a General Dubois omwe anawombana nawo, ndi La Haye Sainte ya makatoni pakati. Mwinanso nkhondo ya Kassassin ku Egypt ya 1882, ngati tebulo la pabalaza a pakhomo andilola kulisunga mpaka Khrisimasi.