Mota ya kireni ikamatentha, yambirani ku buleki

Lolemba tinaitanidwa ku nyumba ina yosungiramo soya ndi mtedza pa Kasungu boma. Kireni yawo ya matani 2, yoyenda pa njanji yakudenga, inkazima yokha ikangogwira ntchito kanthawi. Akapitawo anali atagamula kale kuti mota yapsa, ipite ku Lilongwe akaimangenso.

Motayo ndi ya mafezi atatu, 400V, 3kW. Titazimitsa swichi yaikulu n'kukhomapo loko, tinayeza makoyilo ndi megger ya 500V, chida choyezera ngati magetsi akudontha m'makoyilo. Inaonetsa kupitirira mamegaomu 100, pomwe mota yokayikitsa imatsika pansi pa 1. Makoyilo atatu onse ankafanananso. Sinapse ayi.

Vuto linali kumbuyo kwa mota, ku buleki. Buleki ya kireni imagwira ndi masipuling'i, magetsi ndiwo amaimasula, n'cholinga choti akazima katundu asagwe. Koyilo yake imalandira DC kuchokera pa rectifier, kachida kosandutsa magetsi a AC kukhala DC, n'kukoka mbale yachitsulo kudutsa kampata kakang'ono. Wopanga anaika 0.3mm, koma feeler gauge (kachitsulo koyezera mpata) ya 0.9mm inkalowa mosavuta chifukwa lining, mbali ya buleki imene imakhuzika pogwira, inali itadyeka. Maginito sankathanso kukoka mbale yonse, ndiye mota inkazungulira ikukwekwesa buleki, n'kumakoka maampu 9 m'malo mwa 6.5 olembedwa pa puleti ya mota. Chondiwawa n'chakuti wina anali atapotokola overload, chida chodula magetsi mota ikamakoka maampu ochuluka, mpaka kumapeto kuti isamadule msanga. Umo ndi mmene mota zabwinobwino zimapsera.

Lining yatsopano inafika Lachitatu. Tinaimanga, kutchera mpata, kubweza overload pa 6.5, n'kupemerera fumbi la mtedza lomwe linali litatseka chivundikiro cha fani.

Lachinayi magetsi atazima anayatsa jenereta, ndipo batani lokweza linayamba kutsitsa. Mawaya awiri anali osinthanitsidwa. Musazitenge mopepuka zimenezi: mafezi akatembenuka, limit switch yapamwamba, yomwe imaimitsa mbedza ikafika kumapeto, imadula contactor (swichi yopereka magetsi ku mota) yolakwika, mbedza n'kukamenya diramu mpaka chingwe kuduka. Tinawongola mawayawo n'kuika phase sequence relay, yomwe imakaniza kireni kuliza mafezi akatembenuka kapena imodzi ikasowa.

Lachisanu tinayesa ndi katundu wodzadza. Buleki inagwira osatsetsereka. Nthawi yotsalayo tinakhala ndi oyendetsa, pakuti ali ndi chizolowezi chodinadina batani pofuna kutera katundu pang'onopang'ono. Kuliza kulikonse kumakoka magetsi ochuluka kasanu kapena kupitirira poyerekeza ndi mota ikamayenda. Puleti yake yalembedwa 40% ED, kutanthauza kuti pa mphindi 10 zilizonse igwire 4, zotsalazo ipume.