Injini ya boti, gawo lachisanu: chisanu cha ku Dedza chinandipusitsa

Ndinadzitama msanga. Injini ija ya dizilo ya masilinda awiri, yomwe ndakhala ndikuimanga kuseri kwa nyumba chithereni mvula, inalira bwino tsiku loyamba. Unali m'mawa wa mu June, chifunga chitaphimba phiri la Dedza, ndipo geji yoyezera puresha ya oyilo inaonetsa 45 psi. Ndinaisiya ilire mphindi zisanu zokha, n'kuzimitsa, n'kukauza mayi akunyumba kuti ntchito yatha. Chomwe ndinaiwala n'choti oyilo akazizira amakhuthala ngati phala, moti ngakhale injini yakutha imaonetsa puresha yabwino.

Loweruka tinaikweza pa lole, kutsetsereka Khwekhwelere mpaka Golomoti, kenaka ku Mtakataka komwe amalume amasunga boti. Kunyanja kulibe chisanu chokubisira zolakwa. Titayenda mphindi makumi awiri, singano inayamba kutsika pang'onopang'ono, ndipo nditabweza moto inakagona pa 5 psi, getsi lofiira n'kuyaka. Amakaniko amati pa 1,000 rpm iliyonse (rpm ndi maulendo omwe injini imazungulira pa mphindi imodzi) pazikhala 10 psi kapena kuposa. Amalume anangoloza gejiyo ndi chibwano.

"Mphwanga, zimitsa. Nkhafi tili nazo."

Tinabwerera kugombe chopalasa, anyamata oyanika usipa akutiseka.

Ndinayamba ndi zosavuta. Mwina sensa ikunama? Ndinaimasula n'kumangapo geji ya paipi yobwereka, koma nayo inanena zomwezo. Oyilo anali pa mzere, wa 15W-40, osanunkha dizilo komanso osachuluka, ndiye kuti palibe chomwe chikumusungunula. Relief valve, yomwe imabweza oyilo puresha ikakwera kwambiri, ndinaitulutsa, sipuling'i ili bwino, kapisitoni kake kakuyenda osakakamira.

Kufika pa sampu, chibeseni cha pansi pa injini momwe mumakhala oyilo, kunafuna kuzula injini yonse m'boti, ndi mitengo itatu ya bulugamu ndi tcheni. Pa kasefa kokokera oyilo ndinapeza tizidutswa ta silikoni wofiira, tangati nyongolotsi, titatseka pafupifupi theka. Wopaka silikoni wochuluka chonchi pa gasiketi anali ine ndemwe, palibe womuloza chala. Mtima unafuna kuti vuto likhale lomweli, nditseke tizipita. Koma sefa yotsekeka imavutitsa kwambiri injini ikathamanga kapena oyilo ali wokhuthala, pamene yanga imagwa ikatentha, moto uli pansi. Zizindikiro sizimagwirizana.

Ndiye ndinamasula kapu ya main bearing yapakati. Ma main bearing ndi zigoba zomwe crankshaft, chitsulo chachikulu chomwe mapisitoni amazunguza, imazunguliramo. Nditatembenuza chigoba chake n'kupukuta ndi chala, kumsana kwake kunalembedwa zilembo zitatu: STD. Ndinakhala pansi pamchenga.

Crankshaft iyi ndinakaipalitsa ku Lilongwe, anachotsako 0.25 mm. Ikapalidwa chonchi imafuna ma bearing okhuthala ndi muyeso womwewo, kuti mpata wa oyilo ubwerere pafupi ndi 0.05 mm. A ma con rod, zitsulo zolumikiza mapisitoni ndi crankshaft, anali olondola, olembedwa 0.25. Koma ma main, omwe ndinagula pa shopu ina tsiku lina ndili pa changu cha minibasi, anali a STD, kutanthauza saizi ya kufakitale. Mpata unali pafupifupi 0.30 mm, kasanu ndi kamodzi kuposa woyenera. Oyilo akatentha amangothawira m'mbali ngati madzi m'dengu, pampu n'kumangodzivutikira. Kagugudu kakang'ono komwe ndinkamva pansi pa injini, n'kumati ndi matabwa a boti, kanali komweka.

Plastigage, kaulusi koyezera mpata wa ma bearing, ndinali nako m'bokosi nthawi yonseyi, kosatsegula.

Mwayi wake crankshaft sinakandike, chikhadabo chikungotsetsereka osakodwa. Ma bearing a 0.25 ndaitanitsa, akuti afika sabata yamawa. Pampu ya oyilo ndiiyezanso poti yatuluka kale, ndipo ulendo uno injini idzalira ola lathunthu pamtunda, geji ya paipi ili pomwepo, isanakhudze madzi. Amalume akuti mitengo itatu ija tisagwetse kaye.